Puleya ya ma CD ya mtengo wapakati: kodi kusiyana kumamveka m'khutu kapena m'thumba mokha?

Mayi wa ku Chilomoni:
Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Paja amati safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse ndisanawononge ndalama. Bambo anga atatisiya chaka chatha, abale anagawana katundu, koma makatoni awiri a ma CD panalibe amene anawayang'ana kawiri, choncho anagwera ine. Alipo oposa 300, ambiri a kwaya, a jazi ndi a rumba, ndipo ena ndi a oyimba a konkuno amene nyimbo zawo ndazifunafuna pa intaneti osazipeza. Ampulifaya ndi masipika a malemu zikugwirabe ntchito, koma puleya yawo inafa kalekale, moti pakali pano ndikuyimbira pa ka DVD kamene ana amaonera makatuni. Achimwene anga ali ku Johannesburg ndipo abwera pa basi mu Disembala. Andiuza kuti ndisankhe pakati pa Marantz CD6007, Yamaha CD-S303 ndi Denon DCD-600NE, ineyo nditumize ndalama. Nditasintha mtengo wake kuuika m'makwacha ndinakhala kaye pansi, chifukwa ukupikisana ndi fizi ya mwana wanga. Kodi ndikagula, ndidzamvadi kusiyana ndi ka DVD kaja, kapena ndingogula dzina?

Mnyamata wa ku Machinjiri:
Pepani ndi maliro, amayi. Koma kunena mosabisa, mungogula dzina. Mu CD muli manambala basi, ndipo makina alionse amene akuwerenga bwino amapeza manambala omwewo, kaya ndi a mtengo wa njinga kaya a mtengo wa galimoto. Sungani ndalama zanu, mulipirire mwana sukulu.

Mphunzitsi wa sayansi, Soche:
Achimwene a ku Machinjiri anena zoona, koma anena theka lokha. Makampani a Philips ndi Sony atagwirizana za kapangidwe ka CD mu 1980, anakhazikitsa kuti mawu aziyezedwa maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo muyezo uliwonse uzisungidwa ndi ma bit 16, ndiye kuti timanambala 16 ta 0 kapena 1. Kuyambira pa Sony CDP-101, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1982, kufikira puleya ya lero, chimbale chilichonse chimatsata lamulo lomwelo. Komanso m'chimbale muli manambala ena owonjezera amene ntchito yake ndi kukonza zolakwika, kotero kuti kachikanda kakang'ono sikasintha kanthu pa zimene makina awerenga. Mpaka pamenepa puleya zonse zathanzi n'zofanana.

Kusiyana kumayamba manambala aja akatha kuwerengedwa. Sipika siimva manambala, imamva mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, choncho pamafunika kachipangizo kotchedwa DAC kamene kamasandutsa manambala kukhala mawu. Pambuyo pa DAC pali kadera kena kamene kamasefa ndi kulimbitsa mawuwo asanatuluke pa mawaya ofiira ndi oyera aja, ndipo zonsezi zimadya magetsi ochokera ku gwero limodzi la m'kati mwa makinawo. Wopanga DVD yotsika mtengo amaika mtima pa chithunzi, mbali ya mawu amangoimalizitsa ndi tizipangizo totchipa, ndiye nthawi zina mumamva kaphokoso kosiira kapena kong'ung'udza nyimbo ikafika pachete. Puleya zitatu zimene mwatchulazo zinapangidwira mawu okha. Pakati pa ka DVD kanu ndi izo, kusiyana kungamveke. Koma pakati pa zitatuzo zokhazokha, ine ndikukayika ngati pali munthu pa gulu lino amene angazisiyanitse atatsinzina.

Agogo a ku Namiwawa:
Aphunzitsi, munthu ameneyo alipo, ndipo ndi ine. Ndili ndi Marantz CD-63 imene ndinabwera nayo kuchokera ku Britain m'zaka za m'ma 1990, ndipo mpaka lero ikuyimba m'chipinda changa chochezera. Anyamata amati tsobola wakale sawawa, koma abwere adzalawe. Ndayesapo puleya zingapo za anzanga pa ampulifaya yomweyo, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Mverani piyano: woyimba akagunda kiyi n'kuisiya, mawu aja amazilala pang'onopang'ono ngati utsi, ndipo puleya yabwino imakulolani kuwatsatira mpaka atatheratu, pamene yachabechabe imawadula msanga. Mverani kwaya: pa makina abwino mumadziwa kuti a soprano aima uku, a besi aima uko, pamene pa DVD onse amaunjikana pakati ngati anthu a mu minibasi ya ku Limbe madzulo. Kampani ya Marantz inali ndi katswiri wake, malemu Ken Ishiwata, amene ntchito yake inali kumvetsera ndi kusintha tizipangizo ta m'kati mpaka kamvekedwe kamukhutiritse, ndipo puleya zimene anazikonza mwapadera ankazitcha KI Signature. Kodi munthu ameneyu ankalandira malipiro a chabe zaka zonsezo?

Mwana wanga wa ku Chilomoni, bambo ako sanasonkhanitse zimbale 300 kuti ziziyimbidwa pa makina a makatuni.

Mphunzitsi wa sayansi, Soche:
Agogo, ulemu wanu, sindikutsutsa kuti munamva zimene munamva. Funso langa ndi lakuti, poyerekeza puleyazo, kodi munayeza kukwera kwa mawu kuti kufanane ndendende? Puleya zambiri zimatulutsa mphamvu ya pafupifupi mavoti 2, koma ina imapitirirako pang'ono, ina imaperewera, ndipo ma DVD ena amatsika kwambiri. Khutu la munthu lili ndi chinyengo chodziwika bwino: zinthu ziwiri zikasiyana kukwera ngakhale ndi decibel imodzi yokha, kamuyezo kakang'ono ka kukwera kwa mawu, silinena kuti iyi yakwera, limanena kuti iyi ikumveka bwino, besi yake ndi yodzaza, mawu ake ndi oyera. Chinyengo chachiwiri chili m'maso. Munthu akaona makina olemera a nkhope yonyezimira, ndipo akudziwa ndalama zimene analipira, mtima umayamba kumva khutu lisanamve. Njira yoyesera mwachilungamo ndi yakuti mawu afanane kukwera, makina onse abisike kuseri kwa nsalu, ndipo wina azisintha womverayo asakudziwa.

Agogo a ku Namiwawa:
Ndiye mukuti zaka makumi atatu ndakhala ndikumvera ndi maso? Konzani tsiku, ndidzabwera nayo puleya yanga.

Mmisiri wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndiloleni ndilankhule monga munthu amene amatsegula makinawa tsiku ndi tsiku. Za piyano yozilala ngati utsi ndizisiyira agogo, ine ndinena za zimene zimafika pa tebulo langa zitafa.

Choyamba kufa ndi diso, lija limawerenga chimbale ndi kuwala kwa laser. Limafooka ndi zaka, komanso fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa n'kukhala pagalasi pake, makamaka kwa amene nyumba zawo zili m'mbali mwa msewu wadothi. Nyengo ya chiperoni nayo ili ndi vuto lake: m'mawa wozizira wa mu Juni kapena Julayi pagalasi paja pamatha kuchita nkhungu, makina n'kumalemba kuti mulibe chimbale pamene chilimo. Ambiri amathamangira kwa ife, chonsecho akanangoyatsa makinawo n'kuwasiya ola limodzi thireyi yoikamo chimbale ili yotsegula, akanayamba okha. Chachiwiri ndi lamba wa rabala amene amakoka thireyi. Akatha mphamvu thireyi imakana kutuluka, ndipo ndi vuto laling'ono kwambiri ngakhale anthu amataya nalo puleya zabwinobwino. Mayi, puleya ya malemu imene mukuti inafa, kodi munaitaya? Mwina ndi lamba chabe.

Apa ndi pamene ine ndimaonera phindu la puleya ya mtengo wapakati. Bokosi lake ndi lachitsulo cholimba, thireyi imayenda mosagwedera, ndipo chimbale chimazungulira pa liwiro lake lenileni, pafupifupi maulendo 500 pa mphindi diso likakhala m'kati, n'kumatsika mpaka 200 likamafika kunja. Ma DVD ambiri otchipa amazunguza chimbale mothamanga, ndiye usiku kukakhala zii mumamva makinawo akufwenthera pansi pa nyimbo. Ambirinso amafuna muyatse TV kuti muone nambala ya nyimbo. Koma chenjezo langa lalikulu ndi la magetsi. Kuno timagwiritsa ntchito mavoti 230. Katundu wa ku South Africa amagwirizana ndi magetsi athu, mungosintha pulagi ya mano obulungira ija n'kuika ya mano atatu amakona. Koma ya ku Japan inapangidwira mavoti 100, ya ku America 120, ndipo ndalandirapo zingapo zimene eni ake anagula pa kaunjika n'kukabaya kukhoma osawerenga kumbuyo. Utsi umodzi, nkhani yatha. Chinanso, musagule puleya musanagule chotetezera magetsi, chija ambiri timachitcha TV guard, chifukwa chimene chimawotcha makina si kuzima kwa magetsi koma kubwera kwake. Amene muli ndi inveta yotchipa, mukamva thiransifoma ya puleya kapena ya ampulifaya ikulira ngati njuchi, dziwani kuti magetsi a invetayo si osalala, ndipo musaikakamize.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo bambo. Puleya ya malemu sindinataye, ili pamwamba pa wodilopu. Vuto lake linali lomwelo la thireyi yokana kutuluka, kenaka bambo anayesa kuikoka ndi mpeni n'kuithyola. Za TV guard ndamva.

Mayi wa kwaya, Zingwangwa:
Achemwali, musanakambe za makina, yang'anani kaye zimbalezo. Ndikunena izi chifukwa zinatichitikira ife a kwaya. Tinajambula nyimbo zathu mu situdiyo, ndipo chimbale choyamba chimene anatipatsa chinkamveka bwino kwambiri. Patapita miyezi ndinamva nyimbo zomwezo kwa mnansi wanga, pa chimbale chimene anabenetsa kumsika, ndipo ndinachita manyazi: mawu a atsikana a soprano ankamveka ngati akuyimbira m'chitini, ndipo m'manja mmene tinkawomba munkamveka ngati madzi akuthira pa lata. Mwana wanga anandifotokozera kuti obena aja amasunga nyimbo pa kompyuta ngati MP3, nthawi zambiri ya 128 kbps (muyezo wa kuchuluka kwa manambala osungidwa pa sekondi), pamene CD yeniyeni imanyamula 1,411 kbps. Akaibwezera pa chimbale, zimene zinatayidwa pochepetsa zija sizibwereranso. Ndiye ngati zimbale zambiri za malemu ndi zobena motere, ngakhale mutagula puleya ya mamiliyoni, idzangokuonetsani bwino kuipa kwake. Tembenuzani chimbale chilichonse: chochokera ku fakitale kunsi kwake n'kwasiliva, pamene chobena chimaoneka chobiriwira pang'ono, chabuluu kapena chagolide, ndipo pamwamba amalemba ndi peni kapena kumata pepala. Za oyimba a konkuno, onaninso ngati pachikuto pali kachizindikiro konyezimira ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo.

Mphunzitsi wa sayansi, Soche:
Mayi a kwaya afika pamutu penipeni. Ndingowonjezera kuti chimbale chobena si choipa chifukwa chobenedwa. Ngati chinakoperedwa mwachindunji kuchokera ku chimbale chenicheni, manambala ake ndi omwewo. Choipa ndi kudutsira ku MP3. Ndiponso ngakhale zimbale za ku fakitale sizifanana. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makampani ambiri ojambula anayamba kupikisana kuti nyimbo zawo zizimveka zokwera kuposa za anzawo, ndiye ankapanikiza mawu mpaka pofewa ndi pokwera pamafanana. Chimbale chotere chimatopetsa khutu pa puleya iliyonse. N'chifukwa chake chimbale cha jazi cha m'ma 1980 chingamveke chotsika poyamba, koma mukakweza ampulifaya mumapeza kuti ng'oma zikupuma bwino.

Mayi wa ku Chilomoni:
Usiku wathawu ndinakhala pamphasa ndi ana n'kutembenuza zonse. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi zobena, ndipo mwatsoka zambiri mwa izo ndi za oyimba a konkuno zimene ndimazikonda kwambiri. Zina zayamba kudumphadumpha chakumapeto. Zotsalazo ndi zenizeni, zina zili ndi timabuku take m'kati, ndipo bambo ankalemba tsiku limene anagula pa kapepala.

Mnyamata wa ku Machinjiri:
Amayi, apa ndiye ndisinthe mawu anga pang'ono, chifukwa nkhani yofulumira si puleya ayi. Zimbale zobena zimasunga nyimbo mu utoto umene umafooka ndi dzuwa ndi kutentha, ndipo popeza chimbale chimawerengedwa kuchokera m'kati kupita kunja, kudumpha kwa kumapeto kumene mukunenako kungakhale chizindikiro chakuti m'mphepete mwayamba kuwonongeka. Ngati nyimbozo pa intaneti palibe, mwina chimbale chanu ndi chimodzi mwa zochepa zimene zatsala. Zikoperedwe msanga pa kompyuta, osati ngati MP3 koma ngati FLAC, imene imasunga zonse osataya kanthu. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Exact Audio Copy imene imabwereza kuwerenga malo ovuta mpaka itapeza zolondola. Ine ndili ndi laputopu yokhala ndi polowetsa chimbale, ndingakuthandizeni Loweruka lililonse. Ndipo ngati mudzagulebe puleya, Marantz ndi Yamaha zimene mwatchulazo zili ndi polowetsa fulashi kutsogolo ndipo zimayimba FLAC, kotero zimbale zofookazo mungazisunge m'katoni n'kumamvera zokopera.

Mmisiri wa ku Ndirande:
Musanakopere, zipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira, chifukwa chikanda chotsata mzere wa nyimbo ndi chimene makina amalephera kukonza. Ndipo samalani kwambiri mbali yolembedwa ija. Anthu amateteza kunsi n'kumagoneka chimbale chafufumimba pa tebulo, osadziwa kuti nyimbo zili pafupi ndi pamwamba, pansi pa kautoto kopyapyala. Kunsi kukakandika timatha kupukuta, koma pamwamba pakakandika mpaka kuwala kudutsa, palibe mmisiri angabwezeretse.

Bambo wa ku Kanjedza:
Ine ndilankhulepo za ndalama, poti ndimayenda njira ya ku Joni kawirikawiri. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula ndi ndalama zakunja chinasanduka chapamwamba, ngakhale chimene eni ake kumeneko amachitcha cha mtengo wapakati. Pa mtengo wa m'sitolo muwonjezerepo msonkho wa MRA pa chipata cha Mwanza, ndipo achimwene anu asunge lisiti kuti pasakhale kukangana za mtengo. Muganizirenso kuti chitsimikizo cha sitolo chimagwira ntchito kumene mwagulako. Ikavuta mu Febuluwale, simudzakwera basi kudutsa Tete ndi Harare chifukwa cha puleya. Ngati abwera nayo, ikhale m'bokosi lake lenileni, mulibe chimbale m'kati, ndipo ayinyamule pamiyendo kapena pamwamba pa mpando, osati kunsi kwa basi pamodzi ndi matumba a katundu.

Woyang'anira gulu:
Agogo anapempha tsiku, aphunzitsi anapereka malamulo a mayeso, ndipo mayi a ku Chilomoni avomera kutilandira Loweruka masana. Amene mupite mudzatiuze zimene mwapeza.

Mphunzitsi wa sayansi, Soche:
Monga tinalonjezera, nazi zimene zinachitika. Tinalipo asanu: mayi mwini nyumba, agogo, bambo mmisiri, achimwene a ku Machinjiri ndi ine. Makina analipo atatu: ka DVD ka ana, Marantz ya agogo, ndi puleya ya malemu, imene bambo mmisiri anaitenga Lachitatu n'kuikamo lamba watsopano, kumata thireyi ndi kupukuta diso. Inayamba kuyimba ngati sinagonepo pa wodilopu.

Tisanayambe n'komwe mayeso, bambo mmisiri anasuzumira kuseri kwa ampulifaya n'kupeza kuti waya wa sipika ya kumanzere unalumikizidwa mopingasa, wofiira pakuda, wakuda pofiira. Zikuoneka kuti zinachitika posamutsa katundu pambuyo pa maliro. Zikatere, sipika imodzi imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, ndiye besi imadyana yokha ndipo mawu a woyimba sakhala pakati. Atangokonza, mayi anagwira pakamwa. Kenaka tinatsitsa masipika pa kabati ya magalasi pamene anali, tinawachotsa pakona n'kuwasendeza pang'ono kuchoka kukhoma, tinayala kapeti pa simenti ndi kutseka makatani. Kusintha kumene kunabwera ndi zinthu ziwirizi, zosalipira ngakhale tambala, kunaposa chilichonse chimene tinamva pambuyo pake.

Pa mayeso enieni, ndinayeza mphamvu yotuluka ndi mita ya bambo mmisiri pogwiritsa ntchito chimbale cha kaliwu kamodzi, ndipo ka DVD kanali kotsikadi kuposa zinazo, choncho tinaika zizindikiro pa ampulifaya kuti zonse zifanane. Tinaphimba makina ndi chitenje, achimwene a ku Machinjiri n'kumasintha. Ka DVD tonse tinakazindikira mosavuta, makamaka pa nyimbo ya kwaya yoyamba motsitsa, chifukwa kumbuyo kunkamveka kaphokoso kosiira ndiponso makinawo ankamveka kuzungulira. Apa agogo anapambana, ndipo ndikuvomera. Koma pakati pa Marantz ndi puleya ya malemu, agogo analondola maulendo ena n'kuphonya ena, mofanana ndi munthu woponya ndalama m'mwamba. Ulendo wina anayamikira kwambiri kuzilala kwa piyano, tikuvundukula chitenje n'kupeza kuti ikuyimba ndi ya malemu.

Agogo a ku Namiwawa:
Aphunzitsi afotokoza moona, koma asiya zina. Mvula inayamba kugwa pa malata mayeso ali pakati, ana ankalowa ndi kutuluka, ndipo zimbale zinali zachilendo kwa ine. Munthu sazindikira khalidwe la puleya m'masekondi makumi awiri. Umakhala nayo sabata, n'kuona ngati ikukutopetsa kapena ikukuitana kuti uikemo chimbale china. Komanso puleya ya malemu si yachabe ayi. Nditainyamula ndinamva kulemera kwake, ndipo m'masiku ake inali ya gulu lomwelo la mtengo wapakati limene tikukambali. Mwana wanga, bambo ako ankadziwa kusankha. Ndikupemphabe mayeso achiwiri kwanga, kumene kuli siling'i, ndi zimbale zanga.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse amene munabwera, ndipo pepani kuti thobwa linachepa. Ndawaimbira achimwene anga kuti za puleya yatsopano ziyambe zaima. M'malo mwake ndawapempha kuti andifunire diso lapadera la puleya ya malemu, poti bambo mmisiri anandilembera nambala yake ndipo akuti lilipoli layamba kufooka pa zimbale zobena, ndiponso fulashi ziwiri zosungira nyimbo zimene achimwene a ku Machinjiri ayamba kukopera. Loweruka tinakwanitsa zimbale 14 zokha, chifukwa zina zinkatenga nthawi yaitali kuwerenga, ndipo chimodzi chakanika pa nyimbo ziwiri zomaliza. Ndi cha kwaya ya amayi, chopanda chikuto, cholembedwa ndi dzanja la bambo kuti "Mulanje 2003". Ngati pali wina amene ali ndi makina ena owerengera zimbale pa kompyuta, ndikufuna tiyesenso.

Mmisiri wa ku Ndirande:
Bwerani nacho ku shopu Lachiwiri m'mawa, mayi, ndili ndi makina awiri akale a pa kompyuta amene amapirira zimbale zovuta. Muchikulunge m'kansalu, ndipo mu minibasi musakhale nacho mbali ya dzuwa. TV guard ija mwagula?

Mayi wa ku Chilomoni:
Sindinagule, bambo. Ndikadzera ku Limbe mawa ndikachoka ku ntchito. Pakali pano ndikumazula pulagi kukhoma ndikamachoka.